Zikomo mwana wanga wofufuta bolodi

Zotsatira zatuluka dzulo, ndakhoza maphunziro anga auphunzitsi. Oyenera kuwathokoza ndi ambiri, koma ndiyamba ndi wamng'ono pa onse, mnyamata wa Sitandade 3 amene dzina lake sindilitchula pano.

Nditangoyamba kuyeserera kuphunzitsa ndinkamuyesa wamwano. Ndikamufunsa funso ankangowerama, kuli duu. Sabata yachiwiri ndi pamene ndinazindikira kuti ali ndi chibwibwi, ndipo anzake ankamuseka liwu likamukanirira. Ine pofuna kumupulumutsa ndinkamumalizira mawu. Akati "ma-ma-ma", ine "madzi", basi n'kuloza wina. Ndinkadziona wachifundo kwambiri!

Amayi amene ankandiyang'anira m'kalasimo anandiitanira pambali nthawi yopuma. Anati, "Madamu, mukamamumalizira mukumuuza kuti mulibe naye nthawi. Mudikireni, ndipo maso anu asachoke pa iye." Zinandiwawa, koma panalibe chotsutsa. Amayi inu, zikomo pondidzudzula kumbali osati pamaso pa ana. Ndinu amene munandionetsanso kuti kalasi yonse ikamaimba kapena kuwerenga pamodzi, mwanayo lilime silimugwira, monga zimakhalira ndi achibwibwi ambiri.

Ndiye ine ndi mwanayo tinapangana. Anzake akaweruka, iye ankafufuta bolodi, kenako n'kukhala pansi tonse awiri ndi buku. Tinkawerenga limodzi, ine n'kumatsitsa mawu pang'onopang'ono mpaka atatsala yekha osadziwa. Akazindikira ankandiyang'ana ngati ndamubera. Masiku ena sizinkatheka n'komwe, tinkangotseka bukulo n'kumacheza za mpira.

Tsiku limene alekichala anabwera kudzandionerera, chikonzekero changa cha phunziro chinali ndi mphindi 5 zokha zowerenga. Nditafunsa wofuna kuwerenga, ndinangoona mkono wake uli m'mwamba, koyamba chifikireni. Mtima unati phaa. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana alekichala, ndinamuloza. Ziganizo zitatu zinamutengera nthawi yaitali, anakakamira kangapo, koma palibe mwana anaseka. Belu linalira ndisanamalize phunziro, ndipo malikisi a kasungidwe ka nthawi anandidula ndithu. Sindidandaula.

Zikomo ahedi pondilola kutsalira m'kalasi ana ataweruka. Zikomo mayi a mwanayu povomera kuti azichedwerako kufika kunyumba, chikhalirecho simunkandidziwa. Anzanga amene tinkalembera limodzi masikimu (ndondomeko za zophunzitsa) mpaka usiku, inunso zikomo.

Ndipo iwe mwana wanga, chibwibwicho sichinathe, ndipo sindinakulonjeze kuti chidzatha. Koma tsiku lotsanzikana unaimirira wekha n'kunena kuti "Muyende bwino Madamu", ndipo tonse tinakudikira mpaka unamaliza. Kenako unandipatsa kabokosi ka machesi kodzaza ndi timapisi ta choko timene unkatola pansi pa bolodi teremu yonse. Kali patebulo panga pano, sindinachotsemo ngakhale kamodzi.