Sabata yomwe tinatsiriza Brideshead Revisited m'kalasi

Sabata ino kalasi yathu ya zolembalemba yatsiriza Brideshead Revisited, buku la Evelyn Waugh lomwe linatuluka mu 1945. Lolemba linathera pa ntchito yosasangalatsa koma yofunika, yofananiza makope. Waugh analikonzanso bukuli mu 1960, nachotsa mawu ena, ndipo magawo awiri anasanduka atatu. Ophunzira akabwera ndi makope osiyana, mukatchula mutu wakutiwakuti aliyense amatsegula pake. Choncho powapatsa zokawerenga tchulani chochitika, monga ulendo wa ku Venice, osati nambala ya mutu.

Mayina nawo amasokoneza. Banjali ndi la Flyte, makolo amatchedwa Lord ndi Lady Marchmain, pomwe Brideshead ndi dzina la nyumba komanso la mwana wamwamuna woyamba. Kulemba ana anayi a banjali pa bolodi, Brideshead, Sebastian, Julia ndi Cordelia, kumapulumutsa ola lathunthu.

Lachiwiri aliyense anali kumbali ya Sebastian. Gawo la ku Oxford, komwe Charles Ryder, wofotokoza nkhaniyi, akumana naye Sebastianyo atanyamula chidole chake Aloysius, limawerengeka mofulumira. Vuto limayamba Sebastian akalowerera ndi mowa n'kuzimiririka ku Morocco. Apa ambiri amagwa ulesi, ena amati nkhani yatha. Mlandu onse amaukankhira Lady Marchmain, ati chipembedzo chawo cha Chikatolika ndicho chinamufinya mwanayo. Ndi mayankho achilungamo, ndipo si bwino kuwatsutsa msanga, chifukwa Charles yemwe akufotokoza nkhaniyo ankaganizanso chomwecho panthawiyo.

Mkangano weniweni unabuka Lachinayi, pa imfa ya Lord Marchmain. Bamboyu anasiya mkazi ndi Mpingo, nakhala zaka zambiri ku Venice ndi chibwenzi chake Cara, kenako abwerera kudzafera kwawo mu 1939. Ulendo woyamba amubweza wansembe, Father Mackay. Pomaliza, atadzozedwa mafuta a odwala, achita chizindikiro cha mtanda. Ena m'kalasi anati munthu wosatha kuyankhula anakakamizidwa. Ena anati chaulere cha Mulungu chinamupeza. Atafika poti Julia akumusiya Charles, yemwe ankafuna kukwatirana naye, gulu loyambalo linakwiya kwenikweni.

Mkwiyowo nthawi zambiri umachokera posadziwa lamulo la ukwati mu Mpingo wa Katolika. Rex Mottram, mwamuna wa Julia, anali atasudzulana ndi mkazi yemwe anali akadali moyo, n'chifukwa chake iye ndi Julia sanakwatitsidwe mu Mpingo. Charles nayenso anali ndi mkazi, Celia. Kukwatiwa ndi Charles kukanamusiya Julia kunja kwa masakramenti. Ophunzira amene anakulira mu Mpingo sanafune kufotokozeredwa, poti amawadziwa anthu a m'parishi mwawo amene salandira Ukaristia pa chifukwa chomwechi. Enawo ayenera kumva zimenezi asanawerenge gawo lomaliza. Akazimva pambuyo amaona ngati mukuikira mlembi kumbuyo.

Pali dandaulo lina lomwe ndimaligwirizana nalo pang'ono: Waugh amawakonda mopitirira anthu apamwambawa, ndipo Hooper, msilikali wochokera kwa anthu wamba, amamunyoza mosayenera. Bukuli linalembedwa mu 1944, nkhondo ili mkati ndi chakudya chikugawidwa mopimira, ndipo m'mawu oyamba a kope lokonzedwalo mwini wake anavomereza kuti anakokomeza za madyerero.

Lachisanu ndinapereka ntchito yolemba: masamba awiri oteteza chisankho cha Julia kwa amene anachida, ndi awiri ochitsutsa kwa amene anachikonda, umboni wonse uchokere m'mawu a Cordelia ndi a Julia mwini.