Sabata ya madzi a Likangala

Ndimagwira ntchito mu labotale ya maphunziro a tizilombo tosaoneka ndi maso kuno ku Zomba. Sindiphunzitsa m'kalasi. Yanga ndi kukonza zipangizo, kuphika agar (chakudya cholimba ngati jele chomeretserapo tizilombo) ndi kuyang'anira ophunzira akamagwira ntchito ndi manja. Sabata yathayi ophunzira a chaka chachitatu anali pa ntchito yoyeza madzi.

Lolemba linathera pa kuphika. Botolo lililonse lokatungira madzi limayamba lalowa mu autoclave, mphika wophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Ophunzira amanyinyirika nayo ntchitoyi, koma botolo losaphikidwa bwino likhoza kunamizira mjigo wa anthu osalakwa.

M'mawa mwake tinatsika ndi mtsinje wa Likangala, umene umachokera kuphiri, kudutsa m'tauni, n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Tinatunga kumtunda, kenako kumunsi kwa tauni, pomaliza m'mudzi wina kumene tinayamba taonekera kwa amfumu. Kumeneko tinatenga madzi a pamjigo komanso a m'ndowa za m'nyumba zingapo. Mayi wina wachikulire, atatipatsa madzi a m'ndowa yake, anafunsa mtsikana amene ankalemba pabotolo: "Mwanangu, anzanu amabwera kudzatunga chonchi n'kupita. Zimene mumapezazo zimakathera kuti?" Mtsikanayo anacheukira kwa ine. Ndinati, "Amayi, Loweruka tibweranso, mudzamva tokha tikunena."

Kuyeza kwake n'kosavuta. Timasefa mamililita 100 pa kasefa ka timabowo ta 0.45 micron, n'kukagoneka pa agar m'mbale, mu incubator, bokosi lofunditsira, pa madigiri 44. Tizilombo tomera pa kutentha kumeneko, makamaka E. coli, timasonyeza kuti madziwo akhudzana ndi chimbudzi cha munthu kapena cha chiweto. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madzi akumwa okwana mamililita 100 musapezeke E. coli ngakhale mmodzi. Lachitatu mbale za kumunsi kwa tauni zinadzaza, osawerengeka, ndipo palibe anadabwa. Chimene chinawakhalitsa chete ophunzira ndi cha m'mudzi muja. Mbale ya pamjigo inali yoyera, koma za m'ndowa zinamera. Madzi amatuluka pansi ali abwino, n'kudzaipira panjira ndi m'nyumba, chifukwa cha zala zogwira mkamwa mwa ndowa ndi kapu imodzi yotungira n'kumweranso.

Lachinayi masana ophunzira amakumana kukambirana kafukufuku amene awerenga, ndipo ine ndimakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Anayamba ndi kolera, mliri uja unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mnyamata wa ku Kachulu, mwana wa msodzi, anafotokoza moyo wa m'zimbowera, tinyumba toyandama pa Chilwa, mmene asodzi amakhalamo masabata, kumwa madzi a m'nyanja momwemo mmene amadzithandizira. Nyanjayo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho zonse zimene Likangala watenga m'tauni zimakafikira kwa iwo. Anakumbutsa anzake za katemera wakumwa wa 2016, pamene asodzi ena anapatsidwa kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha kunyanja. Anati ameneyo ndiye kafukufuku wodziwa kuti msodzi sangasiye maukonde n'kukaima pamzere kuchipatala kawiri.

Mkangano weniweni unabuka pa tizilombo tosamva mankhwala. Wina anatchula chiwerengero chimene chinatuluka mu 2022, chakuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi matenda a mabakiteriya osamva mankhwala. Wina anabwera ndi kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuyambira 1998 mpaka 2016, wosonyeza kuti tizilombo tosamva jakisoni wa ceftriaxone tinachulukirachulukira m'zakazo. Apa mnyamata wina anati mlandu ndi wa anthu ogula bakitirimu wa masiku awiri pagolosale, ndi osungunulira nkhuku makapisozi m'madzi. Mtsikana wolemba mabotolo uja sanamulole. "Achimwene, mayi amene mwana wake watentha thupi usiku, chipatala chili kutali, ndalama ya kabaza alibe, mukufuna atani?" Kenako anatulutsa zimene ofufuza anapeza m'makomo a ku Blantyre ndi Chikwawa: tizilombo tosamva mankhwalati tili m'ngalande, m'mitsinje, m'ndowe za ziweto, ndi m'mimba mwa anthu amene sakudwala n'komwe, ndipo timachuluka nthawi ya dzinja.

Ine ndili kumbali ya mtsikanayo. Kumwa mankhwala osamaliza n'koipa, Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini, mwiniwake anachenjeza za zimenezi mu 1945. Koma munthu amene sanamwepo kapisozi chaka chonse akhoza kutenga kachilombo kosamva mankhwala pongotsuka mbale kumtsinje. Tikamangokalipira odwala osakonza zimbudzi ndi ngalande, ndiye kuti tikukolopa m'nyumba denga likudonthabe.

Madzulo omwewo tinayala E. coli wa kumunsi kwa tauni pa agar wa Mueller-Hinton n'kuikapo timapepala tozungulira tokhala ndi mankhwala. Mankhwala akamagwira, kuzungulira kapepalako kumakhala mbee, tizilombo osamerapo. Lachisanu, pa mbale zingapo, tizilombo tinamera mpaka kukhudza kapepala ka ampicillin ndi ka cotrimoxazole, bakitirimu yemwe uja. Ndinawauza kuti asathamangire kulengeza kanthu, pakuti mbale za tsiku limodzi si kafukufuku. Komabe mtima unandiwawa, chifukwa awa ndi mankhwala amene mabanja ambiri amadalira.

Loweruka tinabwerera kumudzi kuja pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Pansi pa mtengo wa mango ophunzira anaonetsa zithunzi za mbale ziwiri pafoni, ya pamjigo ndi ya m'ndowa, osatchula nyumba ya munthu. Mlangizi anafotokoza kathiridwe ka kolorini, kuvundikira ndowa, ndi kusiyanitsa kapu yotungira ndi yomwera. Amayi anafunsa zambiri, makamaka za fungo la kolorini limene ana amalikana. Amfumu anapempha kuti tidzayezenso mvula ikayamba, pamodzi ndi chitsime cha kudambo chimene anthu amathawirako mjigo ukawonongeka. Ophunzira awiri alembetsa kale kuti imeneyo ikhale projekiti yawo ya chaka chomaliza.