Lachitatu: Chichewa cha agogo a ku Mufakose chachapidwa

Nkhani ya mnyamata wina wa digiri ya masitazi sikundichoka m'mutu. Wabwera masana ndi laputopu yake, nkhope ili mwee, akuti wamaliza kulemba zonse zimene anajambula kwa agogo a ku Mufakose ndi ku Mbare, anthu amene anachoka ku Nyasaland nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Mutu wa kafukufuku wake ndi mmene Chichewa chasinthira muno mu Harare.

Fayilo yoyamba nditaitsegula, Chichewa chake chinali choyera ngati cha owerenga nkhani pa wailesi ku Blantyre.

"Achimwene, agogo a ku Mufakose amayankhula chonchi?"

"Ayi aphunzitsi, ndakonza. Amasakaniza kwambiri ndi Chishona, ndiye ondiyang'anira anati ndichotse zolakwikazo tisanayambe kuwerengera mawu."

Pamene agogo anati anabwera kudzafuna basa, iye walemba ntchito. Mari waisandutsa ndalama, chikoro wachisandutsa sukulu. Ngakhale pamene agogo anati kurima, iye wabwezeretsa kulima. Ndiye kuti chinthu chenichenicho chimene amafufuza wachifufuta ndi manja ake, kwa miyezi itatu, mosamala kwambiri. Kompyuta ikawerenga fayilo imeneyi idzanena kuti Chichewa cha ku Harare n'chimodzimodzi ndi cha ku Dedza, ndipo padzatuluka tchati chokongola chotsimikizira bodzalo.

Omuyang'anirawo sanalakwitse pa zonse. Kuti ufufuze mawu mu kompyuta pamafunikadi kalembedwe kamodzi, apo ayi kulima ndi kurima zidzawerengedwa ngati mawu awiri osiyana. Koma kukonzako sikuchitika pamwamba pa zimene munthu ananena. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito ELAN, pulogalamu yaulere ya ku Max Planck Institute ku Nijmegen, m'malo mwa Word. Umalowetsa mawu ojambulidwawo, n'kuwadula m'zigawo za masekondi ochepa pamene wolankhula akupuma, kenako n'kupanga mizere ingapo pansi pa chigawo chilichonse. Mzere woyamba ndi wa zimene khutu lamva, momwe zilili, chibwibwi ndi kubwereza komwe, ndipo sukhudzidwanso. Wachiwiri ndi wa kalembedwe kovomerezeka, wofufuzira. Wachitatu umaika chizindikiro pa liwu lililonse: nya ngati ndi la Chichewa, sna ngati ndi la Chishona, eng ngati ndi la Chingerezi. Pa mawu ngati ndikuenda kubasa, pamene mneni ndi wa kuno kapena wa kwathu malinga ndi mmene wamvera, uyenera kusankha lamulo limodzi, kulilemba m'kabuku, n'kulitsata mpaka mapeto. Ola limodzi la kucheza limadya tsiku lathunthu, kawirikawiri kuposa pamenepo. Ophunzira ambiri amathawira ku Word chifukwa cha zimenezi.

Word yamuchitanso chipongwe china chimene sanachione. Taika mafayilo ake mu AntConc, pulogalamu yowerengera ndi kufufuzira mawu, kuti tione mndandanda wa mawu, ndipo pamwamba penipeni patuluka m, n ndi ng, aliyense payekha. Pulogalamuyi, ukapanda kuisintha, imatenga zilembo zokha ngati mbali ya liwu, choncho m'mudzi imaduka pawiri, ng'ombe imasanduka ng ndi ombe. Uyenera kulowa m'makonzedwe ake n'kuwonjezera kachizindikiro kaja ka pakati pa ng ndi ombe (') pa zimene zimapanga liwu. Ndiponso Word imapinda kachizindikiroko, pamene zolembedwa pa foni nthawi zina zimakhala ndi kowongoka. Kwa kompyuta zimenezi ndi zizindikiro ziwiri zosiyana. Sankha kamodzi, usinthe konseko, usunge fayilo ngati .txt ya UTF-8, kuti ŵ asasanduke zinyalala. Izi n'zokonzeka madzulo amodzi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti luso limeneli si lachilendo mumzinda uno. Ntchito yolemba madikishonale yotchedwa ALLEX inayamba ku University of Zimbabwe mu 1992, mogwirizana ndi mayunivesite a Oslo ndi Gothenburg, inasonkhanitsa mawu a Chishona ndi Chindebele mu kompyuta, ndipo mu 1996 panatuluka dikishonale ya Chishona, Duramazwi reChiShona, motsogozedwa ndi Herbert Chimhundu. Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Koma mwana wa kwathu akafuna kufufuza chinenero cha agogo ake, amaphunzitsidwa kupanga matchati asanaphunzitsidwe kusunga zimene wajambula. Mwina ndikukwiyira munthu wolakwika. Kutenthaku nakonso, ndi kombi yomwe inaima mpaka kalekale pa siteji ya Copacabana kudikira kudzaza, sizinandithandize mtima.

Ndiye ndinamufunsa za mawu ojambulidwawo, poti ngati alipo tingoyambiranso mzere woyamba. Anayamba kukanda kumutu. Anajambula pa foni, n'kumadzitumizira pa WhatsApp, kenako n'kufufuta oyambirirawo foni itadzaza. WhatsApp ikhoza kufinya mawu otumizidwa momwemo kuti fayilo ichepe. Munthu amamveka, koma kusiyanitsa r ndi l pakamwa pa gogo wopanda mano, wailesi ikulira kuseri, kumavuta. Zoyenera ndi kujambula m'fayilo yosafinyidwa ya mtundu wa WAV, 48 kHz, 24-bit. Ola limodzi la maikolofoni imodzi limatenga pafupifupi 520 MB, ndipo umakopera malo atatu tsiku lomwelo usanagone, limodzi likhale kunja kwa nyumba yako. Dzina la fayilo likhale ndi deti, malo ndi nambala ya wolankhula, osati dzina lake, makamaka poti agogo ena anakhudza za kudambwe, zimene sizingaikidwe poyera pa intaneti ngakhale anasayina pepala lovomera.

"Mwina achemwali anga ali nazo, aphunzitsi. Ziwiri zoyamba ndinajambulira pa foni yawo."

Ziwiri zokha. Zinazo ati aona ngati zikadatseguka pa WhatsApp. Ndamuuza kuti asakhudzenso mafayilo a Word aja, awasunge momwe alili kuti adzakhale mzere wachiwiri. Za mmene akawafotokozere omuyang'anira kuti miyezi itatu ibwerezedwe, pamene tsiku loperekera pepala layandikira, sitinagwirizane. Iye akufuna ndipite naye. Sindinayankhe.