Sabata ya zingwe za gitala pashopu

Lolemba kunabwera thumba la zingwe za bandi ya kutchalitchi zolumikizira gitala ku ampu (chokuzira mawu), zonse akuti zikuthetheka. Zingwe zotere sitithamangira kudula. Timayamba ndi mita yoyezera ngati magetsi akudutsa: nsonga ya pulagi ku nsonga inzake, thupi ku thupi, kenako nsonga ku thupi, pamene mita siyenera kuwerenga kanthu. Uku tikuyeza, uku tikupindapinda chingwe. Zambiri zinali zitadukira m'kati pafupi ndi pulagi, chifukwa oimba amazula pokoka chingwe m'malo mogwira pulagiyo. Za mapulagi omata ndi pulasitiki sizitseguka, ndiye timangodula n'kuika pulagi ina.

Lachiwiri linali losankha waya wa zingwe zatsopano, ndipo apa ndi pamene anthu amataya ndalama. Chingwe cha gitala chimakhala ndi waya mmodzi pakati, atazingidwa ndi ukonde wa kopa umene timautcha shield. Ukondewo ndi umene umatchinga phokoso la magetsi. Chofunika kuwerenga pa pepala la wayayo ndi capacitance, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene wayayo amasunga, imene amailemba mu pF (picofarad) pa kutalika kwa mita imodzi. Waya wa Mogami W2524 ali ndi 130 pF pa mita, wa Canare GS-6 ali ndi 160. Chulukitsani ndi kutalika: mamita 3 a Mogami ndi 390 pF, koma mamita 10 ndi 1,300 pF. Pa gitala ya ma pickup (tizida totola mawu a nsambo) opanda batire, nambalayi ikakula mawu akuthwa aja amachepa, gitala n'kumamveka ngati ikulirira m'bulangete. N'chifukwa chake woimba lead akapempha mamita 10 timamulangiza kuti asapitirire 6, ndipo ngati pulatifomu ndi yaikulu, ampu ndi imene isendere pafupi. Gitala ya ma pickup a batire ndi kiyibodi sizivutika kwenikweni ndi zimenezi.

Waya wotchipa wa pamsika timamuyesa tisanagule mpukutu. Mukamusenda n'kupala ndi mpeni, ngati m'kati mukuoneka moyera, ndiye kuti ndi aluminiyamu wongopaka kopa, ndipo sachedwa kuthyoka. Akamakakamira ku maginito, ndi chitsulo. Shield yoluka imapirira kupondedwa kuposa yongozunguliza, ngakhale imadya nthawi poimasula.

Lachitatu mapulagi. Gitala imafuna pulagi ya 6.35 mm ya mzere umodzi wakuda, yotchedwa TS, osati ya mizere iwiri ya mahedifoni. Timakonda Neutrik NP2X chifukwa ili ndi kapulasitiki ka mano kamene kamaluma chikopa cha chingwe mukamanga kumbuyo, choncho munthu akakoka, mphamvu sifika powotcherera. Switchcraft 280 nayo ndi yolimba, koma imafuna kufinya zitsulo zake ndi pulayala mosamala kuti zisaboole chikopa. Funsaninso mtundu wa gitala. Stratocaster jeki yake, kutanthauza bowo lolowetsamo pulagi, inalowa m'kati mopendekeka, imafuna pulagi yowongoka. Gibson SG jeki ili pamaso penipeni, ndiye yokhota ngati NP2RX ndi imene imateteza thabwa kuti lisang'ambike chingwe chikapondedwa.

Lachinayi magetsi anabwera masana, n'kuyamba kuwotcherera. Choyamba lowetsani chivundikiro cha pulagi pachingwe, chifukwa mukaiwala ndiye kumasula zonse. Sendani chikopa chakunja pafupifupi masentimita awiri, masulani shield n'kuipota mbali imodzi. Tsopano yang'anitsitsani: pansi pa shield pali kachikopa kakuda kopyapyala kokuta pulasitiki wa m'kati. Kamaoneka ngati kongotchinga, koma kamadutsa magetsi. Anakaikamo kuti chingwe chisamachite phokoso chikamakhwekhwerezeka pansi. Kasendeni ndi chikhadabo kabwerere mpaka pamene pathera shield, pulasitiki woyera aonekere. Kakangokhudza waya wapakati, gitala imalira motsika ndi mozimiririka, ndipo mita imawerenga kanthu pakati pa nsonga ndi thupi pamene payenera kukhala potseguka. Zingwe zina za m'thumba la Lolemba vuto lake linali lomweli, anthu n'kumaganiza kuti ampu yafooka.

Mtovu timagwiritsa wa 60/40 wokhala ndi flux m'kati (mankhwala othandiza mtovu kumata), chowotcherera chili pa madigiri 350. Pakani mtovu pa waya payekha, pa pulagi payekha, kenako muzikumanitse kwa masekondi awiri kapena atatu. Mukachedwetsa, pulasitiki wa m'kati amasungunuka, waya wapakati n'kukhudzana ndi shield. Powotcherera pabwino pamawala ndipo mtovu umayenderera bwino. Pakakhala potuwa ndi pa chibuluma, bwerezani, apo ayi padzathetheka pakati pa nyimbo. Kawaya kamodzi ka shield kotsalira pambali n'kokwanira kuzimitsa gitala yonse.

Lachisanu tinakana kugulitsa chingwe cha gitala kwa munthu amene amafuna kulumikizira ampu ku sipika. Waya wapakati ndi wochepa, amatentha, ndipo akhoza kuononga ampu. Tinamupangira cha mawaya awiri onenepa opanda shield, n'kumata tepi yofiira kumapulagi kuti asasokoneze ndi za gitala.

Loweruka m'mawa chingwe chilichonse chinadutsanso pa mita, kenako pa ampu yokweza voliyumu, tikuchigwedeza ndi kuchimenyetsa pansi. Chimene chinalira chinabwerera pa tebulo, zotsalazo anazitenga kukayeserera nyimbo za Lamulungu.