Mayi wodwala wa pa kabaza

Malume atanena kuti akuluakulu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nchalo, akupita wapansi ku Khulubvi kukapempha mvula, ine ndinali woyamba kudzipereka. Palibe anandiitana. Ndinali nditangobwera kudzacheza kuchokera ku Blantyre, ndipo ndinkafuna anthu aone kuti ntchito ya pa desiki sinandichotse mwambo.

Malume anayang'ana mimba yanga kaye asanayankhe. "Iwe, ku Nsanje si kokagula mchere ayi. Komanso uno ndi Okutobala."

Ndinawauza kuti ku tauni ndimathamanga m'mawa uliwonse. Kabudula wothamangira ndiye ndinali nayedi.

Chimene ndinkadalira ndi nsapato. Ndinazigula pa kaunjika ku Limbe, zoyera mbee, ndipo wogulitsa analumbira kuti mwini wake woyamba ankakwera nazo mapiri kunja. Malume anavala zosokedwa ndi tayala lakale. Azakhali anavala patapata, mtolo wa ufa wa mapira ndi nsalu yakuda zili pamutu. Ndinawamvera chisoni onsewo.

Tinanyamuka tambala woyamba atalira, kutsata msewu wa M1. Poyamba zinkakoma. Kamphepo kankachokera m'minda ya nzimbe, ndipo malume ankafotokoza za M'bona: mmene anathawira adani ake kulowera kumwera, mmene mikondo ndi mipeni zinakanikira kumulowa mpaka iye mwini ataulula kuti chomupha ndi kanthu kofewa ka m'thengo, mmene magazi ake anasandukira madzi a Ndione, mutu wake n'kuikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, kumene mpaka lero munthu sadulako mtengo. Ine ndinawonjezerapo kuti malowo analowa pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ndi bungwe la UNESCO ngati chuma cha dziko lonse lapansi mu 2011. Palibe anatembenuka. Agogo ena anangofunsa ngati UNESCO-yo imagwetsa mvula.

Za kutentha kwa ku Ngabu munthu amangomva pa wailesi kuti kwadutsa madigiri 40, n'kumati ndi nambala chabe. Phula limafewa. Mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Ng'ombe zimangoima pansi pa mlambe wopanda tsamba, kudikira mthunzi womwe kulibe. Pamenepo ndi pamene guluu wa nsapato zanga anagonja. Yakumanja inayamba kuyasamula kutsogolo ngati kamwa ya mlamba, phwa, phwa, phwa, ndipo tisanafike pa msika yakumanzere inayankha.

"Kakonzetse, utipeza kutsogolo," anatero malume, osachepetsa liwiro n'komwe.

Wosoka nsapato kunalibe tsiku limenelo. Ndinapeza wokonza njinga, yemwe anazitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu, kenaka anadula malegeni a chubu chakale n'kuzimanga pamodzi ndi mapazi anga omwe. Anamanga mfundo zake mwaluso, ndisaname. Koma matuza anali atatuluka kale, ndipo gulu linali litapita kutali.

Apa m'pamene nzeru za ku tauni zinandibwerera. Ndikwere kabaza, ndiwadutse, ndikakhale pa mthunzi ku Sorgin, akafika ndiwauze kuti ndinadzera njira yachidule. Vuto linali limodzi: msewu ndi womwewo, ndipo kuwadutsa kunali kosapeweka. Ndinagula chitenje pa msika. Ndinakhala chammbali pa kaliyala monga amakhalira amayi, n'kudzifunda kuyambira kumutu.

"Achimwene, mukaona gulu la anthu, palasani mwamphamvu. Akafunsa, munene kuti ndi mayi wodwala, mukupita naye kuchipatala."

"Musadandaule bwana, zimenezo ndi zazing'ono. Koma mtengo ukwera pang'ono, chifukwa bodza ndi katundu wina."

Tinagwirizana, ndinalipiriratu.

M'kati mwa chitenje munali moto. Ndinkangoona phula likuthamanga pansi. Kenaka ndinamva mawu a azakhali akuyimba, pafupi, pafupi kwambiri, ndipo nthawi yomweyo tayala lakumbuyo linati phuu! Njinga inayenda pang'ono pa limu, n'kuima pakati penipeni pa gulu.

"Pepani amayi," wakabaza anayamba ntchito yomwe ndinamulipira, "ndanyamula wodwala."

Anthu a kwathu wodwala samudutsa. Mitolo inatsitsidwa. Wina anabweretsa madzi, wina anayamba kundikupiza ndi kansalu. Azakhali anagwada pambali panga.

"Mayi, chikukuvutani n'chiyani? Malungo?"

Ndinabuula mwa mawu aang'ono.

"Kapena ndi pakati?" Dzanja lawo linafika pa mimba yanga, n'kuisisita bwinobwino. "Ee, ndi pakati ndithu. Miyezi yatha imeneyi. Abambo, tapitani uko!"

Amuna onse anasunthira kutsidya kwa msewu mwaulemu, malume ali patsogolo. Amayi anandizungulira ndi zitenje. Wakabaza, m'malo mondipulumutsa, anawonjezera kuti matenda anayamba usiku ndipo mwamuna wake anathawira ku Mozambique. Ndinamva amayi akutukwana mwamuna ameneyo ndi mtundu wake wonse.

Anandigoneka pansi. Miyendo itatambasuka, chitenje chinakwera pang'ono, ndipo panaoneka nsapato ziwiri zoyera, zomangidwa ndi malegeni.

Kunati zii. Kenaka azakhali anakweza nsalu ya kumutu pang'onopang'ono, n'kukumana ndi ndevu zanga.

"Alamu!" anakuwa. "Tabwerani mudzaone, mwana wabadwa kale. Ali ndi ndevu!"

Agogo aja anaseka mpaka anakhala pansi pa phula lotentha. Malume sanaseke. Anafunsa wakabaza ngati ndalama analandira zonse, iye n'kuvomera. Ndiye anagamula mlandu pomwepo: chubu chikamatidwa, akwere agogowo mpaka ku Sorgin, popeza ulendo ndi wolipira kale. Ine ndisenze mtolo wawo. Chitenje chija anachipinda kukhala nkhata, n'kundiika pamutu.

Ndinadutsa choncho ku Bangula, ku Tengani, njanji yakale ili pambali pathu, ndipo paliponse pamene tinkapuma kapena kugona, nkhani inkayamba kufotokozedwa madzi akumwa asanabwere. Ku Tengani inali itakula kale: akuti ndinabereka mapasa.

Pofika pa Khulubvi anatiuza kuti tivule nsapato, poti m'malo amenewo munthu salowa atavala. Anzanga anangotsetsereka m'mapatapata awo. Ine mfundo za wokonza njinga uja zinali zitalowa m'mapazi otupa, ndipo zinatengera anyamata awiri ndi mpeni kuti andimasule. Mkulu wina wosamalira malowo anayang'ana kwa nthawi, n'kufunsa malume ngati munthuyu ali bwinobwino.

"Musamudandaule," malume anayankha. "Wangochira kumene."