Uvuni watsegulidwa, ndipo ndikuthokoza onse amene anasonkhezera moto

Uvuni tautsegula dzulo, ndipo zoumba zikuluzikulu zonse zatuluka zamphumphu kupatula chimodzi chimene chang'aluka pang'ono m'munsi. Ndikulemba manja akadali kuwawa, maso ali psuu ndi utsi, chifukwa mtima sukundilola kugona ndisanathokoze. Nonse mukudziwa zimene zinachitika chaka chatha pamene denga la uvuni linagwera mkati moto uli lawilawi n'kuphwanya ntchito ya miyezi yambiri, choncho sindibwerezanso nkhaniyo. Mulungu amene anandipatsa mphamvu zoyambiranso alemekezeke.

Oyamba kuwathokoza ndi mphunzitsi wanga wa zoumbaumba, mayi achikulire aja amene ambiri munawaona atakhala pampando pafupi ndi khomo la moto. Amayi, ndinu amene munandiletsa kutaya njerwa zimene zinatsala, ndipo simunachoke mpaka denga linamangidwanso. Usiku woyamba, pamene anyamata ankafuna kuthira nkhuni zambiri kuti ntchito ifulumire, munawauza kuti moto ukhale waung'ono, popeza dongo lochindikala limabisa chinyezi mkati, ndipo madziwo akasanduka nthunzi mofulumira pa madigiri 100 choumba chimaphulika. Munatigwiranso dzanja kutentha kukuyandikira madigiri 573, pamene timiyala ta quartz ta m'dongo timatupa mwadzidzidzi n'kung'amba chilichonse chimene chatenthedwa mopupuluma. Popanda kudekha kwanuko, bwenzi dzulo tikutola mapale.

Ambiri mwakhala mukundifunsa chifukwa chake zoumbazi zili ndi timaenje tambirimbiri tolumikizana. Maganizo ake ndinawatenga pa chisa cha njuchi, m'mene kachipinda kalikonse kali ndi makoma 6, khoma lililonse ndi la tizipinda tiwiri, ndipo makomawo amakumana atatuatatu pa ngodya ya madigiri 120, monga amachitiranso mathovu a sopo akaunjikana. Zina ndinazizunguliza motsatira chigoba cha nkhono ndi kasanjidwe ka njere za mpendadzuwa, zimene kawirikawiri zimapanga mizere yokhota 34 kulowera mbali imodzi ndi 55 kulowera mbali inayo. Kachipinda kalikonse ndinakaumba mofanana ndi mapewa a munthu wowerama, ndipo ukachotsapo kamodzi, toyandikana nako timatsala topanda khoma.

Moto nawo unamalizitsa ganizoli mwanjira imene manja anga sakanatha. Zoumbazi sindinazipake chilichonse chowalitsa. Phulusa la nkhuni limauluka ndi lawi n'kugwera pa dongo, ndipo kutentha kukafika cha m'ma madigiri 1,300 limasungunuka n'kuyenderera ngati galasi lobiriwira. Choumba chimene chinali kutsogolo chalandira phulusa lochuluka, pamene cha kumbuyo kwake chatuluka ndi chithunzithunzi cha chinzakecho pathupi pake, malo amene lawi linalephera kufika. Palibe ngakhale chimodzi chimene chatuluka chopanda chizindikiro cha choyandikana nacho, ndipo kwa ine chimenechi n'chamtengo wapatali kuposa utoto uliwonse wa m'chitini.

Ndikuthokoza amene munawaza nkhuni mpaka matuza kutuluka m'manja, amene munasinthana usiku ndi usana kuponya nkhuni mphindi zingapo zilizonse, komanso amene munakhala nafe osagona ngakhale ntchito ya dongo simuidziwa. Alipo ena amene analonjeza kubwera koma mafoni awo anasiya kuyankhidwa moto utangoyaka, ndipo ena mwa iwo ayamba kale kufunsa za zoumba. Sindikuwasungira mangawa, koma zinandipweteka, pakuti malo awo anawatseka ndi anthu amene anali atatopa kale.

Amayi, ndibwererenso kwa inu. Usiku womaliza kutentha kunaima, osakwera ngakhale tinkawonjezera nkhuni, ndipo mtima wanga unabwerera ku tsoka la chaka chatha. Inu munadzuka pampando ndi mawondo anu opwetekawo, munasuzumira pakhomo, munamvetsera kulira kwa lawi, n'kutiuza kuti makala achuluka ndipo atsekereza mpweya. Munalamula kuti tiwatakase, tidikire pang'ono, kenako tiziponya nkhuni zowaza zing'onozing'ono zimene zimayaka msanga. Pasanapite nthawi mkati mwa uvuni munayera mbee moti sitinkathanso kuyang'anamo ndi maso okha. Titamata makomo ndi dothi, munakanitsitsa kuti wina atsegule uvuni usanazizire wokha, ngakhale tonse tinkafunitsitsa kuona zimene zinali mkatimo.

Ntchito yatsala ndi yopala timibulu ta dongo timene tinaika pansi pa zoumba kuti phulusa lisazimatirire ku mashelefu, ndipo ikatha ndidzakuitanani nonse kuti mudzazione. Koma wina aliyense asanasankhe, Amayi adzayamba ndiwo kutenga chimene mtima wawo wakonda. Ambuye akuchizeni mawondowo, Amayi, ndipo akuonjezereni masiku.