Masekondi Makumi Awiri Pamwamba pa Maring'i

Kuseri kwa nyumba yomwe ndikukhala kuli mtengo wa mango wokhala ndi nthambi yaikulu yopingasa, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinamangirira maring'i anga awiri amatabwa, ozungulira ngati mphete zazikulu, olendewera pa malamba olimba, motalikirana masentimita 50 monga momwe amaikidwira pa mipikisano ya gymnastics. Popeza ndinali nditatha zaka zingapo ndikunyamula zitsulo ku jimu, ndinkaganiza kuti kudzikweza pamwamba pa maring'iwo n'kuwongola mikono sikungandivute. Koma nditangokwera, maring'i anayamba kuthawira uku ndi uku, mikono inanjenjemera ngati bango la mumtsinje, ndipo ndinatsika masekondi asanu asanakwane.

Chitsulo chodzikokerapo chimakhala chokhazikika, motero chimakusenzerako gawo lina la ntchito, pomwe ring'i iliyonse imayenda payokha ndipo palibe choigwira kupatula dzanja lako. Minofu ing'onoing'ono yozungulira phewa, yomwe ambiri sitiiganizira ponyamula zitsulo, imakakamizika kugwira ntchito nthawi yonse pamodzi ndi ya pachifuwa, ya kumsana ndi ya pamimba, kuti thupi lisagwedezeke. N'chifukwa chake ndimaona kuti maring'i amaulula mphamvu zenizeni za munthu kuposa chida china chilichonse chomwe ndinagwiritsapo ntchito.

Chomwe chinandikopa poyamba ndi masewera a CrossFit, omwe anayambitsidwa ndi Greg Glassman ku California. Ena mwa masewera awo odziwika amaphatikiza maring'i ndi zitsulo. Otchedwa Elizabeth ndi kunyamula chitsulo cha makilogalamu 61 kufika nacho pamapewa kenako n'kuchita ring dip (kudzitsitsa ndi kudzikankhiranso m'mwamba uli pamwamba pa maring'i), ka 21, ka 15 ndi ka 9, pomwe otchedwa Amanda ndi muscle-up ndi snatch (kunyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka pamwamba pa mutu nthawi imodzi), ka 9, ka 7 ndi ka 5, zonsezi mothamangitsana ndi wotchi. Wotchiyo ndi imene inandisokoneza, pakuti ndinafuna kuchita muscle-up, komwe ndi kudzikoka kuchokera pansi pa maring'i mpaka kudzikankhira pamwamba pake, thupi langa lisanakonzeke. Ndinkadziponya mwamphamvu ndi chiuno kuti ndibise kufooka kwa mikono, ndipo patangotha masabata atatu m'kati mwa chigongono chakumanja munayamba kuwawa, moti ngakhale kunyamula ndowa ya madzi kunkandipweteka.

Ululuwo unandiphunzitsa kuti minofu imakula msanga, koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa imalimba pang'onopang'ono chifukwa magazi amayendamo ochepa. Ngakhale akatswiri enieni amakumana nazo. Jury Chechi wa ku Italy, yemwe anakhala katswiri wa dziko lonse pa maring'i kasanu kotsatizana kuyambira 1993 mpaka 1997 ndiponso anapambana mendulo ya golide pa Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996, analephera kupikisana ku Barcelona mu 1992 komanso ku Sydney mu 2000 chifukwa cha kuduka kwa mitsempha. Anabwerera ku Athens mu 2004 ali ndi zaka 34 n'kutenga malo achitatu, ndipo kubwerera kumeneko kumandikhudza mtima kuposa golide uja.

Nditapuma mwezi wathunthu ndinayambiranso, ndipo tsopano ndimachita masewerawa Lolemba ndi Lachinayi m'mamawa, dzuwa lisanatenthe. Ndimayamba ndi kutenthetsa mapewa ndi zigongono kwa mphindi khumi, kenako ndimakwera pamwamba pa maring'i n'kukhala chete kwa masekondi 20, kasanu, zigongono zili zowongoka, mapewa atatsikira pansi kutali ndi makutu, maring'i atatsamira m'ntchafu ndipo zikhatho zitatembenukira kutsogolo pang'ono. Pa gawo limeneli ndi pomwe ndimaikirapo mtima kwambiri, ngakhale kuti wongodutsa angaganize kuti palibe chomwe ndikuchita. Zikatero ndimatsitsa maring'i kufika m'chiuno, n'kugwira mwa njira yomwe amaitcha false grip, momwe ring'i imakhala polumikizira dzanja ndi mkono osati m'zala, ndipo ndimadzikoka kasanu ndi katatu mapazi ali pansi. Khungu la pamenepo limasupuka masabata oyambirira, kenako limakhakhala n'kuzolowera.

Wotchi ndimaiyatsa kumapeto kokha, kwa mphindi 12, pomwe ndimabwereza ring dip kasanu, kudzikoka kakhumi, kunjuta ka 15 ndi kuthamanga kukafika kumsewu n'kubwerera. Ndikangoona kuti mapewa ayamba kukwera kumakutu kapena maring'i ayamba kutalikirana ndi thupi, ndimasiya ring dip ngakhale nthawi ikadalipo.

Muscle-up sindinaichitebe mpaka lero, ndipo sindikuithamangira. Lachinayi lapitali ndinakhala pamwamba masekondi 40, malamba osagwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo nditatsika chigongono chinali bwinobwino.